Mmene mungautsatire mtsinje wa Likhubula kuchokera kumunsi mpaka pamwamba pa Mulanje

Anthu ambiri akapita ku Likhubula amangofikira pa Dziwe la Nkhalamba, kusamba, kujambulitsa ndi foni, kuwotcha kanyama, basi ulendo wa ku Blantyre, ndiye ukawafunsa kuti madzi mwasambawo achokera kuti nanga akulowera kuti amangoti "kuphiri" kenako zii. Ine ndakhala ndikupita ndi ana a Fomu 3 kumeneko kangapo konse, ndipo chomwe ndinaona ndi choti zonse zimene timavutika nazo pa bolodi, zija za gwero la mtsinje, kukokoloka, mathithi, mitsinje ing'onoing'ono yothira mu waukulu, mwana amazimva tsiku limodzi lokha akauyenda mtsinjewo ndi mapazi ake. Ndiye ndati ndilembe mmene ndimachitira, kaya ndinu aphunzitsi anzanga, kaya mumangokonda zoyendayenda, mutolapo zanu.

Choyamba, musananyamuke, khalani pansi ndi mapu

Osathamangira minibasi. Pezani mapu a phiri la Mulanje okhala ndi timizere tija ta ma contour, olo a pa foni bola akhale oonetsa kukwera ndi kutsika kwa malo, ndipo muwasungiretu mufonimo chifukwa netiweki m'zigwa muja imasowa. Pamapupo sakani kaye Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, palibe malo ena okwera kuposa pamenepo m'Malawi muno. Kenako onani timizere tobiriwira tomwe tikuchoka pakati pa phiri kupita mbali zonse ngati mizu ya chinangwa. Kummwera muona Lichenya ndi Ruo, kummawa Muloza amene ali m'malire ndi Mozambique, chakumpoto kuli Phalombe ndi Sombani, ndipo chakumadzulo ndi kumene kuli Thuchila ndi Likhubula wathuyu.

Tsopano tsatirani ndi chala. Madzi a Likhubula amakathera mu Ruo, Ruo amatsata malire a Mozambique, kugwa pa mathithi a Zoa, mpaka kukathira mu Shire pa Chiromo, Shire n'kukapereka ku Zambezi, Zambezi kunyanja ya mchere. Koma madzi a Phalombe ndi Sombani ulendo wawo ndi wina, amalowera ku Chilwa, nyanja yopanda potulukira, kumeneko amangouluka ndi dzuwa. Phiri limodzi, mvula imodzi, koma dontho lina likafika kunyanja ya mchere lina n'kukathera kwa matemba. Ana ndikawauza zimenezi mkalasi amangogwedeza mutu mwaulemu, akaziona ndi chala pamapu ndi pamene mafunso amayamba.

Kachinyengo kamodzi ka mapu kamene musaiwale: pamene ma contour akudutsa mtsinje amapindika ngati chilembo cha V, ndipo nsonga ya V imaloza kumtunda kumene madzi akuchokera, osati kumene akupita. Akathithikana ndiye kuti pamenepo ndi potsetsereka kwambiri, yembekezani mathithi. Akatalikirana ndi pachidikha.

Chachiwiri, sankhani nyengo

Apa ndiye osachita makani. Mtsinje wa m'phiri si Shire woti umadzadza pang'onopang'ono ukuuona. Kuyambira Disembala mpaka Malichi olo Epulo, ine sinditenga ana kukalowa m'chigwa cha Likhubula, zivute zitani. Nthawi yabwino ndi Meyi mpaka Ogasiti pamene madzi akadalipo okwanira koma ataleka ukali, kungoti muzikumbuka chiperoni, kamvula kowaza kaja kobwera ndi mphepo yochokera ku Mozambique, kamatha kukhala masiku atatu kosakata ndipo chifunga chake simuona ngakhale mnzanu amene ali patsogolo panu. Seputembala ndi Okutobala kumayendeka bwino koma madzi amakhala atachepa, ndiponso ndi nyengo ya moto wolusa m'phirimo. Ngati mungakwanitse pitani kawiri, mu Meyi ndi mu Okutobala, muyime pamwala womwewo, mudzaona ngati mitsinje iwiri yosiyana. Mu Julayi kumakhala mpikisano wothamanga wa Porters Race umene umayambira pa Likhubula pompo, tsiku limenelo njira imadzadza, si la phunziro.

Chachitatu, zonyamula ndi kafikidwe

Kuchokera ku Limbe mukwera minibasi ya ku Mulanje, tsikirani pa Chitakale pamene msewu wa ku Phalombe umapatukira, kuchoka apo ndi makilomita pafupifupi 10 kukafika ku Likhubula, za kabaza zilipo zambiri. Pa ofesi ya zankhalango mulembetse ndipo mutenge gaidi wa konko. Musaone ngati n'kutaya ndalama ayi, anyamata amenewa amadziwa doko lililonse ndi mwala uliwonse woterera, ndipo mayina a timifuleni tosalembedwa pamapu mudzawamva kwa iwo. Alemekezeni, ndi "achimwene" kapena "bambo", osati "iwe".

M'chikwama muikemo kope ndi pensulo, bolopeni ikanyowa imakana. Chingwe cha mamita 10 chomanga mfundo pa mita iliyonse, ndodo yowongoka yolemba masentimita, rula, mabotolo atatu oonekera mkati, zitsononkho zisanu kapena malalanje, jumbo yoikamo foni, jekete, ndi nsapato zogwira pansi. Masilipasi ayi ndithu. Mwana wina anabwera ndi masilipasi atsopano a pinki, limodzi linapita ndi madzi pa doko loyamba lenileni, anzake anamuseka kuti akalitole ku Chiromo, ndipo anayenda tsiku lonse phazi limodzi atakulunga ndi mpango wa mnzake.

Chachinayi, yambani kumunsi, osati kumwamba

Ambiri amafuna kuthamangira kugwero. Ine ndimati yambani kumunsi kumene mtsinje watuluka kale m'phiri n'kulowa m'midzi ndi m'minda, chifukwa zimene muone kumeneko ndi zimene muzifananiza ndi zonse za kumtunda. Imani pa mlatho, yang'anani kaye osalemba kanthu. Mtsinje ndi wotakata bwanji? Ukuyenda mowongoka kapena ukukhotakhota? Pokhota paliponse onani mbali ziwirizo, kunja kwa khona madzi amathamanga n'kumadya gombe, mudzaona dothi litagumuka mizu ya mitengo ili pamtunda, pomwe mkati mwa khona madzi amafooka n'kutula mchenga. Pamchenga pamenepo ndi pomwe amayi amachapira ndi kuyanika zovala, ndiponso pomwe okumba mchenga amaunjika milu yawo. Iwowo jogalafe anaidziwa kale popanda buku.

Tungani madzi m'botolo loyamba, lembani "kumunsi", muike m'chikwama. Kenako chitani ntchito ya miyala, imene ine ndimaikonda kuposa zonse. Mwana mmodzi atseke maso, aponde m'mphepete mwa madzi, atole mwala umene chala chake chakhudza poyamba, osasankha wokongola. Muyeze kutalika kwake ndi rula, mulembe, ndiponso mulembe ngati uli wosalala ngati dzira kapena wa makona akuthwa. Mutero miyala 20. Zotseka masozo n'zofunika chifukwa munthu ukamaona umangotola nsangalabwi zokongola basi ndiye zotsatira zimanama.

Koma pali chinthu china chimene chidzakudabwitseni kumunsi komweko. Pakati pa timiyala ting'onoting'ono mudzapeza chimwala chachikulu ngati nyumba ya udzu chitakhala phee pakati pa munda wa chimanga, kutali ndi phiri. Madzi amene mukuwaona lerowa sangachisunthe olo pang'ono. Afunseni ana kuti chinabwera bwanji, musawayankhe, yankho likubwera kutsogoloku.

Chachisanu, yezani liwiro ndi kuchuluka kwa madzi

Apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ndi pamene anthu amasokoneza. Sankhani malo owongoka, osaya, madzi osapitirira m'mawondo, opanda miyala ikuluikulu pakati. Tambasulani chingwe cha mamita 10 m'mbali mwa mtsinje. Wina aime kumtunda ndi chitsononkho, wina kumunsi ndi foni yowerengera masekondi. Chitsononkho achiike m'madzi chapatali pang'ono kumtunda kwa poyambira kuti pofika pa mfundo yoyamba chikhale chitatenga kale liwiro la madzi, osachiponya ngati akugenda mbalame. Chikafika pa mfundo yoyamba akuwe, wa foni ayambe kuwerenga, chikafika kumapeto aimitse. Bwerezani kasanu, chikakodwa pamwala ulendo umenewo musauwerenge, kenako phatikizani masekondi onse n'kugawa ndi 5. Lalanje limachita bwino kuposa chitsononkho poti limamira theka ndiye mphepo siilikankha, vuto lake ana amadya zida za ntchito musanamalize.

Tiyerekeze kuti mwapeza masekondi 20. Mamita 10 kugawa ndi 20 ndi theka la mita pa sekondi. Koma madzi apamwamba amathamanga kuposa apansi amene akukhulana ndi miyala, ndiye chulukitsani ndi 0.8, mupeza 0.4. Tsopano yezani kutakata kwa madzi, tinene mamita 3, ndi kuya kwake malo asanu kuchoka tsidya lino kukafika tsidya linalo, tinene pakati pake papezeka masentimita 30. Mamita 3 kuchulukitsa ndi 0.3 ndi 0.9, kuchulukitsanso ndi 0.4 ndi 0.36. Imeneyo mukaichulukitsa ndi 1,000 ndi malita 360 pa sekondi iliyonse, kapena kuti zigubu 18 za malita 20 zikudutsa pamaso panu musanamalize kuphethira kawiri. Ndikanena za zigubu ndi pamene atsikana amene amatunga madzi mmawa uliwonse amati "aaa sala, zoona?" Manambalawa ndangopereka ngati chitsanzo, anu adzatengera malo ndi mwezi.

Muchite zomwezi malo atatu, kumunsi, pakati ndi kumtunda. Ndipo musadabwe mukapeza kuti kumtunda kumene madzi akuchita phokoso ndi thovu, chitsononkho chikuchedwa kuposa kumunsi kumene akuyenda mwakachetechete. Zimachitika kawirikawiri. Kumtunda madzi amataya mphamvu yambiri pomenyana ndi miyala, amazungulira, amabwerera, pomwe kumunsi njira ndi yosalala ndipo madzi ndi ambiri. Chaka choyamba ndinaganiza kuti ana alakwitsa, ndinawabwereza katatu mpaka anayamba kunditukwana chamumtima, kumapeto wolakwa ndinali ine.

Chachisanu ndi chimodzi, lowani m'chigwa

Kuchoka pa ofesi ya zankhalango kupita ku Dziwe la Nkhalamba ndi ulendo wa ola limodzi kapena kupitirirapo ngati muli ndi gulu. Pamene mukukwera muziona mmene chigwa chikupanikizikira, mbali zonse zikuyandikana mpaka kukhala ngati V uja munamuona pamapu. Kuno mtsinje sukhala ndi nthawi yokhotakhota, ntchito yake ndi kukumba pansi basi. Mchenga watha, kwatsala matanthwe osalala ndi zimiyala zosanjikizana.

Pa matanthwe amenewo sakani maenje ozungulira ngati mtondo wosinjira. Ena ndi aang'ono ngati mbale, ena munthu atha kukhalamo. Pisani dzanja pansi pake, mupezamo timiyala tiwiri titatu tosalala kwambiri. Timeneto ndiye minsi yake. Madzi akadzadza amatizunguza momwemo chaka ndi chaka mpaka kuboola thanthwe, ndipo thanthwe la Mulanje si lofewa ayi, ndi mwala wa mtundu wa syenite ndi granite umene unaumira pansi pa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, miyala yofewa imene inaukuta inakokoloka yonse iwo n'kutsala chiimire. N'chifukwa chake phirili limangodzuka mwadzidzidzi pakati pa chidikha ngati wina anachita kulitula. Ndipo n'chifukwa chakenso mitsinje yake imatsata ming'alu ya m'thanthwe, poti pena paliponse ndi polimba.

Paliponse pamene kamfuleni kakuthira mu Likhubula imani, funsani gaidi dzina lake, lembani ngati kakuchokera kumanja kapena kumanzere. Lamulo lake ndi loti mumayang'ana kumene madzi akupita, dzanja lanu lamanja ndilo gombe lamanja. Poti inu mukukwera, muzitembenuka kaye musanalembe, apo ayi zonse zikhala chadodolido. Pisani dzanja m'madzi onse awiri, nthawi zina kamfuleni kochokera m'nkhalango yowirira kamazizira kuposa mtsinje waukulu umene wayenda padzuwa pa matanthwe.

Pa dziwe penipeni, onani kaye musanavule malaya. Madzi akugwa kuchoka pamwamba, ndipo pomwe akugwerapo ndi pamene pali pakuya kwambiri chifukwa mphamvu yawo pamodzi ndi miyala imene amagwa nayo zakhala zikukumba pamenepo kuyambira kalekale. Akuluakulu a kuderali ali ndi nkhani zawo za nkhalamba imene inkaoneka pamalopa ndi za mizimu ya m'phiri, mufunseni gaidi akufotokozereni yekha, ndipo musaseke. Ine za mizimu sinditsutsana ndi munthu, koma chimene ndikudziwa n'choti anthu amirapo pa dziwe limeneli, madzi ake ndi ozizira moti miyendo imatha kukokana, ndipo pansi pa mathithi madzi amazungulira n'kumakokera pansi. Osadumphira kuchokera pamiyala, ndipo amene wamwa mowa akhale kumtunda azisunga zikwama. Tungani botolo lachiwiri, yezani miyala 20 ina.

Chachisanu ndi chiwiri, phunzirani kuwerenga zizindikiro za madzi osefukira

Gawo ili musaliiwale ngakhale mutaiwala zina zonse. Yang'anani m'mitengo ya m'mbali mwa mtsinje, mudzaona zinyalala, udzu wouma, timitengo, mwina ndi jumbo, zitakodwa m'nthambi pamwamba kuposa mutu wanu. Amene anazipachika pamenepo ndi madzi. Onaninso pamiyala pamene ndere zathera ngati wina anadula ndi mpeni, ndi makungwa a mitengo osupuka mbali yoyang'ana kumtunda. Yezani kuchoka pa madzi a lero kufika pa chizindikirocho, nambala imeneyo ndi imene imatseka ana pakamwa.

Chifukwa chake n'chosavuta. Pamwamba pa Mulanje malo ambiri ndi thanthwe lopanda dothi kapena dothi lochepa, ndiye mvula ikagwa ilibe kolowera, yonse imatsetsereka nthawi imodzi n'kukakumana m'khwawa limodzi lopapatiza. Ndiye mvula yoti muziiopa si imene ikugwa pamene mwaima, ndi imene ikugwa kumwamba kumene simukukuona. Kumunsi kutha kukhala dzuwa lili phwee inu mukudya mpunga pathanthwe pakati pa mtsinje, kumwamba kutada bii. Mukaona madzi oyera ayamba kuchita mtundu wa tiyi wamkaka, masamba ndi timitengo tayamba kuyandama tambiri, mwala umene unali pouma wanyowa, kapena mwamva kugunda kwapansipansi ngati lole ikubwera patali, musatole mbale, musasake nsapato, kwerani kumtunda pompo, ndipo muthawire chammbali mokwera osati kutsata mtsinje kumunsi.

Zinandichitikirapo kamodzi, osati ndi ana mwamwayi, tinali atatu chakumapeto kwa Novembala. Gaidi anangoleka kutafuna, anatchera khutu, n'kunena kuti "tiyeni bwana, tsopano." Ine ndinkafuna ndimalize kaye chinanazi changa. Anandigwira pamkono ndithu. Sipanathe nthawi yoti munthu n'kumwa kapu ya tiyi, thanthwe tinakhalapo lija linali pansi pa madzi ofiira, mpeni wanga ndi chinanazi zinapita, ndipo pamene tinaimapo sipanagwe ngakhale dontho limodzi la mvula tsiku lonselo.

Tsopano chimwala chija cha m'munda. Mvula ikagwa masiku angapo osaleka, dothi la m'mapiri otsetsereka limakhuta madzi mpaka kulekana ndi thanthwe lapansi, limatsika lonse pamodzi ndi mitengo ndi miyala, likalowa m'khwawa limasanduka phala lolemera loti limanyamula miyala yoposa galimoto. Ameneyo ndiye napolo, amene makolo ankati ndi chinjoka chochoka m'phiri kupita kunyanja. Anthu a ku Phalombe saiwala Malichi wa 1991 pamene phiri la Michesi linagumuka n'kupha anthu mazanamazana, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anachitanso zomwezo ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu mpaka ku Soche mu Blantyre. Zipsera zake m'mapirimu zikuonekabe, mizere yotuwa yotsika kuchokera pamwamba. Ndiye mukaona mudzi kapena munda uli pamalo otambalala ngati chipapa pakamwa penipeni pa chigwa, pali zimiyala zobalalika, dziwani kuti malo amenewo anamangidwa ndi napolo wakale, ndipo njira yake saiwala.

Chachisanu ndi chitatu, kwerani mukaone gwero

Izi ndi za amene ali ndi masiku awiri kapena atatu ndi mawondo abwino. Kuchoka ku Likhubula kupita ku Chambe, chidikha cha pamwamba pa phirili, kuli njira ziwiri zodziwika, ya Skyline imene ndi yachidule koma chitunda chake chosaseka nacho, dzinali linachokera ku chingwe chimene ankatsitsira matabwa kuchokera pamwamba, ndi ya Chapaluka imene ndi yotalikirapo koma imayenda kufupi ndi madzi. Pa ntchito yathuyi tengani ya Chapaluka pokwera, Skyline potsika. Konzekerani maola atatu kapena anayi, kwa ena asanu, ndipo mukwera mamita pafupifupi 1,000. Pa mamita 1,000 aliwonse kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena kuposerapo pang'ono, ndiye jekete ija musaisiye m'minibasi, mu Juni ndi Julayi pamwamba paja madzi amatha kuundana usiku.

Mukangotulukira pamwamba mudzadabwa, chifukwa mtsinje umene kumunsi unali wolusa kuno ndi timifuleni tofatsa toyenda mwakachetechete m'udzu, tina mutha kutidumpha. Ndipo musayembekezere kupeza kasupe mmodzi wolembedwa kuti gwero ndi pano. Gwero la mtsinje ngati uwu ndi malo onse, timadambo tonyowa, madzi odontha m'ming'alu ya thanthwe, nkhalango za m'makwawa. Pondani pa kadambo kotero mumve mmene kakufinyikira ngati siponji. Kameneko ndi kamene kamasunga mvula ya Febuluwale n'kumaitulutsa pang'onopang'ono mpaka Okutobala. Chifunga nachonso chimathandiza, chikamadutsa m'mitengo chimasiya madzi pamasamba ndi pa ndere zolendewera zija, imani pansi pa mtengo tsiku la chiperoni muone mmene ukudonthera ngakhale kunja sikukugwa mvula yeniyeni.

Kuno ndi kumene mtima umawawa. Mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu umene mwachilengedwe umamera paphiri lino lokha, watsala pang'ono kutheratu, mudzaona zitsa zambiri kuposa mitengo. A Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi akhala akudzala mbande, koma moto wa chaka ndi chaka, macheka ndi makala sizikupereka mpata. Phirili linakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, koma pepala silizimitsa moto. Fananizani nokha khwawa limene lili ndi mitengo ndi limene linapsa, loyamba madzi ake oyera ndipo akuyenda, linalo mwina louma, lodzadza miyala ndi dothi lofiira. Ndipo musaganize kuti ndi nkhani ya anthu a ku Mulanje okha. Midzi yambiri kuzungulira phirili imamwa madzi a mipope yongotsika yokha popanda injini, minda ya tiyi imadalira mitsinje yomweyi, ku Bondo magetsi amapangidwa ndi madzi a Lichenya, ndipo a Blantyre Water Board anaika mapaipi otenga madzi ku Likhubula kupita nawo ku Nguludi kuti akamwedwe mu mzinda. Wina ku Bangwe akutsegula mpopi osadziwa kuti akudalira kadambo ka pamwamba pa Chambe.

Ngati mphamvu zilipo, tsiku lachiwiri tsatani njira yochoka ku Chambe kulowera ku Chisepo, kumene kuli kanyumba kogonamo okwera phiri. Panjira pali kamtunda kopyapyala, phompho uku phompho uku. Imani pamenepo, thirani madzi pang'ono pansi muone kumene alowere. Mbali imodzi akutsikira ku Likhubula, mbali inayo ku Thuchila. Amenewo ndiwo malire a mitsinje, mzere uja timajambula ndi choko chofiira pa bolodi, pano mwaupondapo ndi nsapato. Madzi awiriwo asiyana pamapazi anu, akakumananso kutali kumunsi mu Ruo. Tungani botolo lachitatu pa kamfuleni kalikonse ka pamwamba, yezani miyala yanu 20 yomaliza, mudzaona kuti yambiri ndi ya makona, sinayende ulendo woti n'kusalala.

Pomaliza, mukafika kunyumba

Imikani mabotolo atatu aja pawindo usiku wonse osawagwedeza, mmawa muone matope amene akhala pansi pa lililonse. Jambulani mzere wa mtsinje kuchoka pamwamba kufika kumunsi pogwiritsa ntchito ma contour, ndipo simupeza mzere wotsika bwinobwino ngati wa m'buku, mupeza masitepe, pamwamba pafulati, kenako kugwa koopsa, kenako fulati wa kuchidikha. Pansi pa mzerewo lembani manambala anu a miyala, liwiro ndi zigubu pamalo pake. Ana aziwerenga okha n'kukangana okha, inu muzingofunsa kuti chifukwa chiyani.

Zina ziwiri zing'onozing'ono. Madzi a pamwamba ambiri timamwa osaphitsa, koma kuyambira pamene payambira midzi thirani mankhwala kapena phitsani, ndipo m'madzi odekha a kuchidikha musasambemo, likodzo limakonda kumeneko osati m'madzi ozizira othamanga a m'phiri. Pa geti adzakutsatsani ndodo ndi timabokosi tonunkhira bwino ta mkungudza, mukakumbukira zitsa zija muganiza nokha chochita. Ndipo konzani zoti mukhale mutatsika isanakwane 4 koloko, chifukwa kukangoyamba kuda a kabaza pa Likhubula mtengo amaukweza kawiri, ndipo miyendo yanu nthawi imeneyo sikhala ndi mphamvu zonenerera.